Chaka chimodzi ndi charms.reactive: yandithandiza, koma samalani ndi ma flag

Ndimayang'anira maseva a bungwe lina laling'ono, ndipo ntchito yomwe inkandidyera nthawi inali yoika pulogalamu yathu ya pa intaneti yolembedwa ndi Django pa makina atsopano: kuika database ya PostgreSQL, kuilumikiza ku pulogalamuyo, kuika HAProxy kutsogolo kuti izilandira obwera pa tsamba n'kuwapereka ku pulogalamuyo, mawa lake kubwerezanso zomwezo pa seva yoyeserera. Juju ya kampani ya Canonical, omwe amapanganso Ubuntu, imagwira ntchito imeneyi kudzera mu ma charm, timitolo ta malangizo touza makina mmene pulogalamu iikidwire ndi mmene ilumikizirane ndi inzake. Charm yathu ndinailemba ndi charms.reactive, laibulale ya Python yaulere yomwe aliyense angaiwerenge pa GitHub. Tsopano yatha chaka ikugwira ntchito, choncho ndikhoza kunenapo zomwe ndaona.

Amene analembapo charm m'njira yakale akudziwa chomwe chimapweteka mutu. Juju imaitana ma hook, timapulogalamu ta mu charm tomwe timayenda pakachitika chinthu, monga install, config-changed ndi start, ndipo ma hook a ubale, mwachitsanzo wa database, amafika nthawi yomwe mbali inayo yakonzeka, osati yomwe iwe ukufuna. Umapezeka kuti mu fayilo iliyonse walemba mafunso omwewo: kodi database yafika? Kodi dzina ndi chinsinsi zatumizidwa? Kodi pulogalamu yaikidwa kale? Ukaiwala funso limodzi pamalo amodzi, zonse zimaima.

charms.reactive imakuchotsera mafunso amenewa. Mmalo moganiza za chomwe chachitika, umalemba za mmene zinthu ziliri, pogwiritsa ntchito ma flag, zizindikiro zomwe zimaikidwa kapena kuchotsedwa zinthu zikasintha. Pamwamba pa function umaika @when('db.master.available') ndi @when_not('app.configured'), kutanthauza kuti ntchito iyi ichitike database ikakhalapo koma pulogalamu isanakonzedwe. Ikatha umaitana set_flag('app.configured'). Kaya database yabwera koyamba, kaya yachedwa ola lathunthu, laibulale imayang'ana ma flag pa hook iliyonse n'kuyendetsa chomwe chakwanira. Ndinayamba kuyesera pa laputopu ndi LXD, yomwe imapanga timakina toyeserera mkati mwa kompyuta imodzi. Juju status inkaonetsa blocked ndi uthenga womwe ndinalemba ndekha woti ikudikira database. Nditalumikiza ziwirizo, ndinangokhala chete ndikuyang'ana mzerewo mpaka unasanduka active, osakhudza fayilo ina iliyonse. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti sindibwereranso ku ma script anga a bash.

Chinanso chomwe ndachikonda ndi ma layer, zidutswa za code zolembedwa kale zomwe umaphatikiza popanga charm. Mu layer.yaml umatchula layer:basic ndi interface:pgsql, kenako charm build imasonkhanitsa zonse pamodzi. Kukambirana konse ndi PostgreSQL anthu ena anakulemba kale, iwe umangolandira zotsatira. Mapaketi a Python omwe charm imadalira amalowa mu foda yotchedwa wheelhouse mkati mwa charm momwemo, choncho makina aliwonse safunika kukawakokanso pa intaneti. Kwa ife amene netiweki imatithawa pakati pa ntchito, chimenechi si chaching'ono.

Koma pali pomwe ndinapunthwa, ndipo ndikufuna ofuna kuyamba amve bwino. Function imayenda nthawi iliyonse pomwe ma flag ake akwanira, osati kamodzi kokha. Juju imaitana hook ya update-status mphindi 5 zilizonse ngati sunasinthe nthawiyo. Ine ndinali ndi function yolemba fayilo ya makonzedwe n'kuyambitsanso pulogalamu, ndipo ndinaiika @when yokha popanda @when_not. Zotsatira zake, pulogalamu inkazima n'kudzukanso mphindi 5 zilizonse, usana ndi usiku. Pa seva yoyeserera palibe anazindikira. Titaiika pa seva yeniyeni, mayi wina wa ku ofesi anabwera kudzandiuza kuti akadina potumiza fomu, nthawi zina tsamba limabwera ndi uthenga wa vuto wa 503 ndipo zomwe alemba zimatayika. Ndinakayikira HAProxy, ndinakayikira netiweki, tsiku lonse linapita. Madzulo nditatsegula juju debug-log ndi pomwe ndinaona dzina la function yanga likubwera mobwerezabwereza pa nthawi yofanana. Kulakwa kunali kwanga, ndipo mankhwala ake ali mu laibulale momwemo: data_changed imayerekeza zomwe wapereka ndi za ulendo wapitawo, ndiye umayambitsanso pulogalamu pokhapokha zasinthadi. Komabe zinandiwawa kuona ntchito ya anthu ikutayika chifukwa cha mzere umodzi.

Vuto lachiwiri limakula charm ikamakula. Ma flag amasungidwa mu fayilo ya SQLite yotchedwa .unit-state.db pa makina aliwonse, ndipo amaikidwa ndi layer iliyonse yomwe waphatikiza. Zinthu zikaima, umafunika kufufuza kuti ndani waika flag imeneyi ndipo ndani amayenera kuichotsa ndi clear_flag, ndipo nthawi zambiri yankho lili mu code ya munthu wina. Ma function awiri akakwanira nthawi imodzi, palibe lonjezo la yemwe ayambe. Ukafuna dongosolo, uyenera kuwamanga ndi flag ina. Ine ndinafika pojambula ma flag onse pa pepala ndi mivi, ndipo pepalalo lidakali pakhoma pafupi ndi desiki. Zitsanzo zakale za pa intaneti zimasokonezanso pang'ono, chifukwa zina zimagwiritsa ntchito set_state, dzina lakale la set_flag.

Muyeneranso kudziwa kuti Canonical inatembenukira ku laibulale ina yotchedwa ops, ndipo ma charm atsopano ambiri pa Charmhub, tsamba lomwe ma charm amapezeka, akulembedwa ndi imeneyo. Ma charm a reactive akugwirabe ntchito, chida chomangira ma charm cha charmcraft chimathanso kuwamanga, koma chitukuko chatsopano chili mbali inayo. Mnzanga akandifunsa lero kuti ayambe ndi iti pa ntchito yatsopano, ndimuuza kuti ops. Koma amene walandira charm ya reactive kwa yemwe analipo kale asathamangire kuilembanso. Yathu yaika pulogalamu pa makina angapo popanda kundidzutsa usiku kuchokera pomwe ndinakonza vuto lija, ndipo sindikuganiza zoisintha chaka chino. Ndikuipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Yachisanuyo ndaisunga chifukwa cha nthawi yomwe imapita posaka flag yosochera.