Buku la achule la pa kaunjika: ndalipatsa nyenyezi 4 pa 5

Bukuli ndinagula kwa bambo wina wogulitsa mabuku akale pafupi ndi msika waukulu wa Mzuzu, kuti lithandize mwana wanga wa Fomu 3 pa Biology. Koma taonani, amene akuliwerenga usiku ndi ine, achule akusokosera kudambo kuseri kwa nyumba kuno ku Chibavi.

Chandikoka kwambiri ndi masamba akumapeto, omwe amamasulira mayina a sayansi. Ine kusukulu ndinkati azungu ankangotola mawu ovuta kuti atizunze pamayeso. Ayi ndithu. Finye uja timamufukula polima, wodzitukumula ukangomukhudza, ndi Breviceps mossambicus: brevi ndi chachifupi, ceps ndi mutu, mawu achiwiriwo akunena ku Mozambique. Tinagwira mmodzi m'dimba, mwana nkumuika padzanja, kumuyang'anitsitsa, kenako kuphulika nako kuseka: "Bambo, zoonadi, khosi alibe!" Dzinali sadzaliiwalanso.

Xenopus laevis naye dzina lake ndi phazi lachilendo komanso khungu losalala, chifukwa zala zina zakumiyendo yakumbuyo zili ndi zikhadabo. Chule ameneyu m'ma 1940 madokotala ankamubaya mkodzo wa mayi, akaikira mazira ndiye kuti mayiyo ndi woyembekezera. Mayi akunyumba atamva anakana kwamtuwagalu mpaka ndinawaonetsa tsambalo.

Pomwe ndinaima nthawi yaitali ndi pa kachule ka ku Nyika, komwe Arthur Loveridge anakatchula nyikae mu 1953. Dzina la kwathu kuno kumpoto lili m'mabuku a dziko lonse! Wina wa ku Mulanje ndi johnstoni, kukumbukira Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba wa atsamunda uja. Apa mtima unandiwawa pang'ono, chifukwa agogo amene ankawadziwa achulewa kalekale palibe ndi mmodzi yemwe amene dzina lake linalowamo, ndipo bukuli lilibe dzina la Chichewa kapena Chitumbuka ngakhale limodzi. Finyeyo ndinachita kulemba ndekha ndi pensulo m'mphepete.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa bukuli ndi lakale. Chule wamkulu wa mabwampu yemwe amalira pakhonde lathu akumulemba Bufo gutturalis, kutanthauza wolira ndi kukhosi, koma titayang'ana pa intaneti tinapeza kuti anasamutsidwa mu 2006 kukhala Amietophrynus, mu 2016 nkukhalanso Sclerophrys. Wogulitsa uja sanandiuze kanthu, mwina nayenso sankadziwa. Zilembo ndi zazing'ono kwambiri, magetsi akazima pakandulo simungawerenge, ndipo chinyezi cha Mzuzu chamatula kale chikuto, ndachita kumata ndi selotepi.

Ngati mukugulira wophunzira, onani chaka chomwe linasindikizidwa musanapereke ndalama. Langali mwana wabwereketsa kwa mnzake wa ku Luwinga, sabata yachiwiri ino silinabwere.