Kukwera kanjedza kapena kupopera mungu munthu ali pansi?

Ku Tozeur, m'chipululu cha Tunisia, kanjedza wa mtundu wa Deglet Nour amafuna munthu womuthandiza kuti abereke bwino. Mtengo wamwamuna ndi wamkazi ndi yosiyana, choncho mungu uyenera kufikitsidwa pamaluwa aakazi akangotseguka, cha m'Malichi ndi Epulo.

Njira yamakolo n'kukwera. Mlimi amakwera opanda nsapato, amalowetsa timphonje ta maluwa aamuna pakati pa phava lachikazi, n'kumanga. Mungu sutayika, ndipo amaonera pompo ngati mtengo ukudwala. Koma maluwa satseguka tsiku limodzi, ndiye mtengo umodzi amaukwera kangapo, minga ikumubaya m'manja. Mitengo yakale imapitirira mamita 15, ndipo kugwa kumapundula kapena kupha.

Kamakina kopopera n'kapaipi kakatali kouzira mungu wosakaniza ndi ufa, munthu ali chilili pansi. Kamafulumira, koma kamawononga mungu, makamaka kukachita mphepo.

Ine ndikadasankha kamakinaka. Achinyamata okwera akuchepa, komanso kamanyamulika paphewa m'tinjira topanikiza pakati pa ngalande, makangaza ndi nkhuyu, momwe thirakitala yokwezera munthu m'mwamba singadutse.