Maphunziro apamwamba a kulemba mapulogalamu a kompyuta

Maphunziro amenewa, amene ndinachita ku koleji, anandipindulira kwambiri ngakhale kuti anali ovuta, moti ndi oyenera munthu amene anazolowera kale zinenero zolembera mapulogalamu monga Python kapena Java. Tinkagwiritsa ntchito chinenero cha C++, chimene chimalola wolemba pulogalamu kuyang'anira yekha kagwiritsidwe ntchito ka memory, malo amene kompyuta imasungamo zinthu pamene pulogalamu ikugwira ntchito. Sindiiwala tsiku limene pulogalamu yanga inkangozima chifukwa cha pointer imodzi (cholozera malo a mu memory) yoloza pamalo amene ndinali nditawamasula kale, ndipo aphunzitsi athu, m'malo mondikonzera, anakhala pambali panga n'kundionetsa kafufuzidwe ka vutolo mzere ndi mzere pogwiritsa ntchito debugger, pulogalamu yofufuzira zolakwika, mpaka ndinalipeza ndekha. Chimene chinandidandaulitsa n'chakuti Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha ndi kuthandiza anthu kulembera limodzi pulogalamu imodzi, tinaiphunzira mothamanga kumapeto kwenikweni, ntchito ya m'magulu itayamba kale.