Malisiti a Kalabu: pa Google Drive Kapena pa Fulashi?

Kalabu yathu ya alimi a kachewere ku Bembeke imasunga malisiti a feteleza kuwiri: pa Google Drive (malo osungira zinthu pa intaneti) ndi pa fulashi (kachipangizo kosungira zinthu kolowetsa pa kompyuta). Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, ndipo foni ya mlembi wathu itabedwa pamsika wa Lizulu, zonse tinazipezanso pa foni ina. Koma bandulo ikatha kapena netiweki ikavuta, ngakhale imelo ya wogula sitingaiwerenge. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti pasiwedi akuidziwa ndi munthu mmodzi yekha. Komanso akaunti ikakhala zaka 2 osaitsegula, Google ikhoza kuifufuta.

Fulashi siifuna bandulo, imangokhala m'thumba. Yathu inalowa vayirasi titapita kukasindikiza pa boma, malisiti a chaka chonse amene anali m'menemo n'kusowa. Ine mtima wanga uli pa Drive, bola msungichuma nayenso asunge pasiwediyo.