Kanandisowetsa tulo masiku awiri, amayi ali bwinobwino

Kapulogalamu ka pa foni kokudziwitsa munthu wina akalowa pa WhatsApp ndikukapatsa nyenyezi ziwiri basi, ndipo yachiwiriyo ndi ya mwezi woyamba umene kanagwira bwino ntchito.

Kapulogalamu aka ndinakalipira chifukwa cha amayi anga. Amakhala okha, ndipo sindinkafuna kumawaimbira tsiku lililonse ngati ndikuwalondalonda. Akangolowa pa WhatsApp kankandidziwitsa, ndiye ndikaona kauthenga kaja cha m'ma 6 koloko m'mawa, mtima unkakhala m'malo.

Kenako zii. Lachisanu lonse osaoneka, Loweruka chimodzimodzi. Ndinaimba katatu, foni kumangoitana. Usiku umenewo ndinangokhala tsonga pabedi, foni m'manja, kudikira kuti mwina kauthenga kabwera. Lamulungu m'mawa ndinali nditalongedza kale chikwama pamene achemwali anga anandiimbira n'kunena kuti, "Iwe, amayi ndacheza nawo mpaka usiku pa WhatsApp, wakuuza ndani kuti akudwala?" Foni yawo inali pa silent.

Zinapezeka kuti mdzukulu wawo anawasinthira pa Privacy, pamene palembedwa Last seen and online. Anasankha Nobody, m'munsimo n'kusankha Same as last seen. Kuyambira 2022 WhatsApp imalola munthu kubisa kuti ali pa intaneti, ndipo akatero wina aliyense sangamuonenso, kaya ndi kapulogalamu kolipira. Ogulitsa aka sangandiuze kuti sakuzidziwa zimenezi. Chimene chandipweteka n'chakuti kankangolemba kuti offline, ngati amayi sanagwire n'komwe foni, m'malo monena kuti sikakuthanso kuona.

Nditawalembera ogulitsawo anandiyankha patapita masiku anayi, mawu awiri okha, kuti ndiwauze amayi abwezere pa Everyone. Kupepesa ayi. Ndalama za mwezi wotsatira zija anali atadula kale, ndipo akukana kubweza.

Nditawafunsa amayi anati, "Mwanangu, anthu akangoona kuti ndalowa amafuna ndiwayankhe pompopompo, ndatopa nazo." Ndinawamvetsa, ndipo sindinawapemphe kuti abwezere. Kunena zoona, pamenepa kapulogalamuka kalibe mlandu, munthu akabisa wabisa. Kwa amene akuyang'anira munthu amene wavomera ndipo sanabise kanthu, kamagwira ndithu. Koma chenjezo la mzere umodzi wokha likanandipulumutsa ku usiku umene uja.

Ndasiya kulipira. Tsopano amayi amanditumizira okha kauthenga akadzuka, ndipo lero kafika 6 koloko isanakwane.