HAProxy pa pfSense: zomwe ndaona itagwira ntchito miyezi yambiri kuno ku Dedza

Chaka chatha nyengo yozizira isanathe ndinalembapo kuti ndaika HAProxy, pulogalamu yolandira anthu ochokera pa intaneti ndi kuwatumiza ku maseva athu, pa firewall yathu ya pfSense (kakompyuta koteteza netiweki ya ofesi) ndipo zonse zikuyenda bwino. Inali itangogwira ntchito masabata ochepa. Pano yadutsa dzinja lonse ndi ziphaliwali zake, yadutsanso nyengo yogula kachewere pamene ntchito imatichulukira, ndiye ndili ndi zonena zina.

Kwa amene simunawerenge poyamba paja: ndimayang'anira makompyuta pa kampani yaing'ono yogula mbewu yomwe ofesi yake ili pa boma la Dedza. Ma ejenti athu amakhala m'misika monga Bembeke, Linthipe, Lizulu mpaka ku Tsangano, ndipo akagula katundu amalemba pa foni kuchuluka kwa matumba ndi mtengo. Adiresi ya IP yoonekera kunja tili nayo imodzi yokha, koma zinthu zofuna port 443, khomo lolowera masamba a HTTPS, ndi zitatu: pulogalamu ya ma ejenti yomwe ili pa maseva awiri, tsamba la kampani, ndi Nextcloud yosungirako mafayilo. Firewall yake ndi kakompyuta kopanda fani, ka makadi anayi a netiweki a Intel, RAM ya 8 GB ndi SSD. Ndinasankha HAProxy chifukwa load balancer (pulogalamu yogawa anthu pakati pa maseva) yakale yomwe inkabwera m'kati mwa pfSense, relayd, anaichotsa mu 2.5.0 chaka cha 2021, ndiye mukapeza malangizo pa intaneti onena za Services kenako Load Balancer, dziwani kuti ndi akale.

Maganizo anga pano ndi awa: reverse proxy ndi yomwe yatipindulira tsiku ndi tsiku, pamene load balancing, yomwe ndinkaitama kwambiri poyamba, yathandiza pa chinthu china osati chimene ndinaiikira.

Reverse proxy imagwira ntchito ngati mlonda wa pageti amene amafunsa mlendo kuti wabwera kwa ndani. Frontend imodzi, mbali yolandira anthu, imamvetsera pa port 443, imaona dzina lomwe munthu walemba, ndipo ma ACL, malamulo amene ndinaika, amatumiza pempholo ku backend yoyenera, kutanthauza seva kapena maseva a kumbuyo. Pa miyezi yonseyi mbali imeneyi sinandivutitsepo. Pamene abwana anafuna kuti tiwonjezere pulogalamu ya malipiro a antchito, zinangofunika dzina latsopano mu DNS, backend imodzi ndi ACL imodzi, osapemphanso adiresi ina ya IP. Masatifiketi onse a HTTPS amakhala pa firewall. Phukusi la ACME limawatenga ku Let's Encrypt, bungwe lopereka masatifiketi amenewa, ndipo poti amatha pakapita masiku 90, limawatenganso lokha nthawi isanakwane. Apa pali kanthu kamene ambiri amakaphonya: satifiketi yatsopano ikabwera, HAProxy imapitirizabe kupereka yakale mpaka itayambitsidwanso. Mu ACME muli malo otchedwa Actions list, ndipo m'menemo muyenera kuikamo lamulo loyambitsanso HAProxy. Musadalirenso imelo yokukumbutsani, chifukwa Let's Encrypt inasiya kutumiza maimelo amenewo mu June 2025. Ine ndimangoyang'ana tsiku lothera satifiketi kumayambiriro kwa mwezi uliwonse.

Zovuta za reverse proxy zinali ku maseva a kumbuyo, osati pa firewall. HTTPS ikathera pa HAProxy, seva imalandira HTTP wamba, ndiye pulogalamu yokakamiza HTTPS imangobweza munthu mobwerezabwereza mpaka browser itatopa. Mankhwala ake ndi kutumiza X-Forwarded-Proto, kamzere kodziwitsa seva kuti munthu wabwera ndi HTTPS, ndi kuuza pulogalamuyo kuti iziyikhulupirira. Chimodzimodzi adiresi ya munthu: popanda kuchonga forwardfor, yomwe imapereka adiresi yeniyeni ya munthu ku seva, ma log onse amaonetsa kuti aliyense akuchokera pa firewall. Nextcloud imachedwetsa adiresi yomwe yalakwitsa pasiwedi kangapo, ndiye munthu mmodzi akaiwala yake, ofesi yonse imachedwetsedwa naye limodzi. Mu config.php muike trusted_proxies ndi overwriteprotocol, nkhani yatha.

Tsopano load balancing. Ndinkaganiza kuti nyengo yogula ikafika seva imodzi idzalemedwa. Sizinachitike. Ngakhale tsiku la msika ma ejenti onse akulemba nthawi imodzi, seva iliyonse inkangokhala ngati ilibe ntchito. Chomwe chimachedwetsa ejenti wa ku Tsangano ndi netiweki ya foni yake komanso kuchepa kwa upload ya laini yathu ya mu ofesi, ndipo zimenezi maseva khumi sangazikonze. Ndiye ngati mukufuna seva yachiwiri kuti tsamba lizithamanga, yambani mwayeza kuti kuchedwako kukuchokera pati.

Phindu lenileni ndi loti seva imodzi ndimatha kuizimitsa masana dzuwa likuswa mtengo, wina aliyense osadziwa. Pa tsamba la stats la HAProxy ndimaika seva yoyamba pa DRAIN kuti isalandirenso anthu atsopano, ndikudikira kuti amene ali pomwepo amalize, kenako MAINT yoichotseratu pa ntchito, ndikuikonza, ndikuibwezera, ndikupita kwa inzake. Kale ntchito imeneyi inali ya Loweruka usiku, ndipo amene munagonapo kuno mu June mukudziwa mmene kumazizirira. Disiki ya seva yachiwiri itafa m'mwezi wa February, ndinadziwira pa mzere wofiira wa pa stats. Foni yodandaula sinabwere ngakhale imodzi.

Koma kuti zifike pamenepo panafunika kusintha zinthu ziwiri.

Choyamba ndi momwe munthu amamatirira pa seva imodzi. Pulogalamu yathu ndi ya PHP, ndipo PHP imasunga ma session, zokumbukira kuti munthu walowa, m'mafayilo pa seva yomwe munthu walowera. Ndi roundrobin yokha, yomwe imagawa mapempho mosinthanasinthana, ejenti amalowa pa seva yoyamba, pempho lotsatira likupita pa yachiwiri, basi watulutsidwa. Malangizo ambiri amati gwiritsani ntchito source, yomwe imagawa anthu potengera adiresi ya IP. Kwathu kuno imeneyi siyenda bwino. Makampani a mafoni amabisa makasitomala ambirimbiri kuseri kwa maadiresi ochepa kudzera mu CGNAT, ndiye gulu lalikulu limaunjikana pa seva imodzi, komanso adiresi ya munthu imasintha foni ikataya netiweki ndi kuipezanso, zomwe m'mapiri a ku Bembeke zimachitika pafupipafupi. Cookie yoikidwa ndi HAProxy ndiyo inathetsa vutoli, chifukwa imayenda ndi browser osati ndi adiresi. Njira yabwino koposa ndi kusamutsira ma session ku Redis kapena mu database kuti seva iliyonse izimudziwa munthu, koma amene anatilembera pulogalamuyo sanafikebe pamenepo.

Chachiwiri ndi health check, momwe HAProxy imayesera ngati seva ikugwira ntchito, ndipo apa ndi pomwe ndaphunzira zambiri. HAProxy imaona seva kuti ili moyo ikayankha ndi nambala ya HTTP ya 2xx kapena 3xx, monga 200. Ikalephera katatu motsatizana imachotsedwa, ikayankha bwino kawiri imabwezeredwa, pokhapokha mutasintha manambalawo. Vuto ndi loti tsamba loyamba limatha kuyankha 200 pamene pulogalamu yataya kulumikizana ndi database. Seva yotero imaoneka yobiriwira koma ejenti sangasunge kanthu. Tinalemba katsamba kakang'ono kamene kamafunsa database funso limodzi, ikayankha kamabweza 200, ikapanda kuyankha 500, ndipo health check imayang'ana pamenepo. Muonetsetsenso kuti health check ikutumiza Host, chifukwa popanda zimenezo seva yokhala ndi masamba angapo imayankha ndi tsamba lina. Komabe database tili nayo imodzi. Ikagwa, maseva onse awiri amafiira pamodzi ndipo anthu amalandira tsamba la 503 lonena kuti palibe seva yoyankha. Chomwe ndinakwanitsa ndi kusintha tsamba la 503 kuti lizilankhula Chichewa, likuuza ejenti kuti alembe kaye m'buku, adzalowetse bwino lake. Kanthu kakang'ono, koma mafoni ochokera m'misika anachepa.

Za ma timeout, nthawi yomwe HAProxy imadikira isanadule, ndinene mwachidule. pfSense imaika masekondi 30 mukapanda kulembapo kanthu. Mayi athu a ku akaunti akamatulutsa lipoti la kumapeto kwa mwezi, seva imakhala chete nthawi yoposa pamenepo ikuwerengera, HAProxy n'kudula ndi 504. Ndinakweza server timeout kufika mphindi 5 pa backend imeneyo yokha. Musakweze paliponse.

Nkhani yomwe simungaipeze m'malangizo olembedwa kunja ndi ya malire. Nditaona ma log akudzaza ndi makina ochokera m'mayiko akutali oyesa mapasiwedi, ndinagwiritsa ntchito pfBlockerNG kuti pulogalamu ya ma ejenti izilola maadiresi a ku Malawi okha. Phokoso linatheratu, koma ma ejenti ena a ku Lizulu ndi ku Tsangano anayamba kukanika kulowa. Amene mumadutsa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu mukudziwa kuti malo ena msewuwo ndiwo malire, mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Anthu akumeneko amasunga SIM ya mbali zonse ndipo amagwiritsa ntchito yomwe yagwira bwino tsiku limenelo. Ndinawonjezera Mozambique pa mndandanda wololedwa. Ndipo mndandanda wa GeoIP, wosonyeza dziko la adiresi iliyonse, si wolondola nthawi zonse, ndiye pa tsamba la kampani lomwe aliyense ayenera kuliona sindinaikepo chotchinga chimenechi.

M'kati mwa ofesi ndinasinthanso kanthu kena. Poyamba frontend inkamvetsera pa adiresi ya WAN yokha, ya mbali ya intaneti, moti intaneti ikaduka ngakhale wokhala pafupi ndi seva ankavutika kutsegula Nextcloud. Pano HAProxy imamvetseranso pa virtual IP ya m'kati, ndipo mu DNS Resolver ndinaika ma host override olozera pamenepo. Laini ikaduka ofesi imapitiriza ntchito ndi mayina omwewo ndi satifiketi yomweyo. Ndikumbutsenso amene mukuyamba kumene kuti tsamba loyendetsera pfSense nalo limakhala pa 443. Lisamutsireni ku port ina monga 8443, muzimitsenso redirect yake ya pa port 80, musanayatse HAProxy, apo ayi ziwirizi zilimbirana.

Magetsi. Kabokosi ka firewall kaja kali pa invata pamodzi ndi maseva, koma m'dzinja kukachita mitambo masiku angapo mabatire amatha, ndipo kazimapo mwadzidzidzi kangapo. Nthawi zonse kanadzuka bwinobwino, ndipo ndikuthokoza ZFS, njira yosungira mafayilo pa disiki yomwe pfSense inayamba kusankha yokha poika kuyambira 2.6.0. Amene munaika kale pa UFS, yomwe imatha kuwonongeka magetsi akamazimazima, ganizirani zoikanso. Chomwe chinandizunguza mutu chinali kabatire kakang'ono ka pa bodi kosunga nthawi. Katatha mphamvu, bokosi linkadzuka ndi deti yakale mpaka litapeza nthawi yolondola pa NTP, ndipo pa mphindi zimenezo chilichonse chodalira satifiketi chinkachita zachilendo. Kabatire ka CR2032 kamapezeka m'mashopu ogulitsa mawotchi. Chingwe chochokera pa mlongoti wa intaneti chidutse pa chotetezera ziphaliwali, ndipo waya wa earth akhale wolumikizidwa bwino.

Apa ndi pomwe ndimakayikira pang'ono nzeru yoika zonse pa firewall. Maseva ndi awiri, koma khomo ndi limodzi. Kabokosi kameneka kakafa, intaneti ya ofesi, VPN, masatifiketi ndi masamba onse zimapita limodzi. Ndikamakweza pfSense pamafunika kuyambitsanso makina, ndipo apa palibe DRAIN yondipulumutsa. Phukusi la HAProxy limatsatira mtundu wa pfSense womwe muli nawo, ndiye simungathamangire HAProxy yatsopano panokha. Komanso tsamba lake loikira zinthu lili ndi mabokosi ambiri moti nthawi zina ndimatsegula haproxy.cfg yomwe lapanga kuti ndimvetse zomwe ndachonga. Anzanga ena amakonda kuika nginx kapena HAProxy pa VM yakeyake, firewall n'kungotumiza port 443 kumeneko, ndipo sindingawatsutse. Ine ndasiya pa firewall chifukwa ndili ndekha pantchitoyi, ndipo fayilo imodzi ya XML yochokera ku Backup & Restore imasunga malamulo, ma backend ndi masatifiketi omwe.

Musanagule kalikonse, funsani kaye okupatsani intaneti ngati adiresi yanu ikuonekera kunja. WAN ikamaonetsa adiresi ya pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, muli kuseri kwa CGNAT ndipo munthu wa kunja sangafike pa HAProxy yanu ngakhale mutaikonza bwino chotani. Ma rauta a SIM ambiri ali choncho, ndipo phukusi la pakhomo la Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, nalonso limagwiritsa ntchito CGNAT. Zikatero njira ndi kulipira adiresi yanuyanu, kapena kubwereka VPS, seva ya lendi ya pa intaneti, kunja ndi kukokera anthu kudzera mu VPN ya WireGuard.

Yankho lenileni la khomo limodzi lija ndi CARP: ma firewall awiri ogawana adiresi imodzi, ina ikafa inzake n'kutenga malo. Imafuna bokosi lachiwiri ndipo kawirikawiri maadiresi atatu a WAN. Ndinapereka mitengo kwa abwana, iwo anati, "Achimwene, tione kaye kachewere wa chaka chino." Pakali pano m'kabati muli kompyuta yakale yoikidwa pfSense ya mtundu womwewo, yokhala ndi makadi awiri a netiweki, ndipo XML yatsopano ndimaikopera pa flash nthawi iliyonse ndikasintha kanthu. Ndinaiyesa tsiku lina ofesi itatsekedwa: kubwezeretsa fayilo, kugawanso ma interface poti mayina a makadi ndi osiyana, kudikira mapukusi kuti atsike, ndipo masamba onse anatseguka.