Word, LibreOffice kapena Google Docs: muphunzirire pa iti ngati mwangoyamba kumene kompyuta?

Anthu amene angogula kompyuta yawo yoyamba amafunsa funso limodzimodzi: "Ndiphunzirire pa pulogalamu iti?" Ena amafunsa asanayambe, koma ambiri amafunsa zinthu zitavuta kale, Word itakana kulemba ali pakati pa kalata yofunsira ntchito. Opikisana enieni alipo atatu. Pali Microsoft Office, momwe muli Word, Excel ndi PowerPoint. Pali LibreOffice, yaulere, momwe muli Writer, Calc ndi Impress. Ndiye pali mapulogalamu a Google a pa intaneti, omwe ndi Docs, Sheets ndi Slides.

Zodziwika kale tisataye nazo nthawi. Onse atatu amalemba kalata, amawerengera manambala, amakonza zoonetsa pamsonkhano, ndipo Ctrl+C, Ctrl+V ndi Ctrl+Z zimagwira ntchito chimodzimodzi paliponse. Pomwe wophunzira amapwetekera ndi pa laisensi, pa mmene chikalata chimaonekera chikafika pa kompyuta ya munthu wina, ndi pa zimene zimachitika intaneti ikasowa.

Tiyambe ndi laisensi, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani. Wogulitsa akakuuzani kuti "laputopuyi ili kale ndi Office", musathokoze msanga. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mawu amenewo angatanthauze zinthu zitatu zosiyana, ndipo ziwiri mwa izo zidzakuvutitsani.

Choyamba ndi Microsoft 365 yongoyeserera. Opanga malaputopu ambiri amaikiratu Word ndi Excel, timazithunzi take n'kumaoneka pa Start, koma laisensi mulibe. Mukafuna mwezi umodzi waulere, amakufunsani khadi la kubanki. Mwezi ukatha musanazimitse recurring billing (kulipira kodzibwereza kokha) mu akaunti yanu ya Microsoft, ndalama zimayamba kudulidwa zokha. Sikuti amabisa, zimalembedwa pa sikirini, koma munthu amene akuphunzira kumene kugwira mausi sawerenga timalemba ting'onoting'ono. Amangodina Next kuti afike pa tsamba loyera. Mukaleka kulipira, Office imalowa m'mkhalidwe womangoonera: chikalata mutha kuchitsegula, kuchiwerenga ndi kuchisindikiza, koma simungasinthe ngakhale chilembo chimodzi, ndipo simungayambe chatsopano. Mafayilo anu safufutika ayi. Amangokhala ngati ali kuseri kwa galasi.

Chachiwiri ndi choipa kwambiri: Office yakuba. Woikayo amatenga Office ya mabungwe akuluakulu n'kuitsegula ndi kapulogalamu konyenga njira yotchedwa KMS. Njira imeneyi inakonzedwera makampani, ndipo kompyuta iliyonse imayenera kulumikizana ndi seva ya kampaniyo pasanathe masiku 180 kuti laisensi ipitirire. Kapulogalamu kakubako kamadziyesa seva ija. Kuti kalowe, woikayo nthawi zambiri amazimitsa antivirus, ndipo ambiri sakumbukira kuiyatsanso. Ndiye mwagula kompyuta imene khomo lake lili pululu, mkati muli kapulogalamu kamene simukudziwa kuti kanabwera ndi chiyani. Tsiku limene antivirus idzakachotse, masiku aja amayamba kutha, ndipo patapita miyezi pamwamba pa Word pamaoneka mawu akuti Unlicensed Product kapena Product Activation Failed. Nthawi imeneyo wogulitsa uja mwina simungamupezenso. Makiyi otchipa modabwitsa ogulitsidwa pa intaneti ali m'gulu lomweli, chifukwa angathe kutsekedwa tsiku lililonse.

Chachitatu ndi Office yeniyeni koma yakale. Office 2016 ndi Office 2019 zinasiya kulandira zokonza za chitetezo pa 14 Okutobala 2025, tsiku lomwe Microsoft inasiyanso kuthandiza Windows 10. Zimagwirabe ntchito, ndipo kuphunzirirapo kulemba n'kotheka, koma samalani ndi zikalata zobwera pa imelo kuchokera kwa anthu osawadziwa.

Musanapereke ndalama, chitani izi pamaso pa wogulitsa. Tsegulani Word, dinani File, kenako Account, muone pamene palembedwa Product Information. Werengani dzina la Office imeneyo ndipo muone ngati palembedwa kuti Product Activated. Ngati ndi Microsoft 365, onani imelo imene ili pamenepo. Ikakhala ya munthu wina, laisensiyo ndi yake, si yanu, ndipo tsiku limene adzaleke kulipira kapena kusintha pasiwedi, inunso mwatsekeredwa kunja.

Si kuti Microsoft Office ndi yoipa. Ndi imene maofesi ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo mayeso a Microsoft Office Specialist, oyendetsedwa ndi Certiport, amalembedwa pa mapulogalamu a Microsoft okha. Njira zoyenera zilipo ziwiri zolipira: Office 2024, yogula kamodzi ya kompyuta imodzi, ndi Microsoft 365, yolipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, yomwe imabwera ndi malo a 1 TB pa OneDrive, mosungira mafayilo pa intaneti. Dziwani kuti mukaleka kulipira malowo amabwerera pa 5 GB, ndipo ngati mafayilo anu apitirira pamenepo simungaikenso china. Palinso njira yachitatu imene ambiri saidziwa: Word, Excel ndi PowerPoint za pa intaneti ndi zaulere kwa aliyense amene ali ndi akaunti ya Microsoft. N'zochepekedwa, mwachitsanzo siziyendetsa mamakiro a VBA (timapulogalamu ting'onoting'ono tokhala mkati mwa fayilo, tochita tokha ntchito zobwerezabwereza), koma n'zokwanira kuti maso anu azolowere pamene mabatani ali.

Tsopano LibreOffice, imene ine ndimaikonda ndipo sindibisa. Inayamba mu 2010 pansi pa bungwe la The Document Foundation, kuchokera ku OpenOffice.org. Simafuna akaunti, simafuna khadi, ilibe mwezi woyeserera, ndipo mukaikopera kamodzi imagwira ntchito popanda intaneti pa Windows, macOS ndi Linux. Imatsegulanso mafayilo a Word ndi Excel, choncho ngati Office yanu yangotsekeka kumene, apa ndi pothawira lero lomwe.

Koma tsiku loyamba sinthani zinthu ziwiri. Writer imasunga zikalata mu mtundu wa fayilo wotchedwa odt, pamene anthu ambiri amayembekezera docx, mtundu wa Word. Dinani Tools, Options, Load/Save, General. Pa Document type sankhani Text document, ndipo pa Always save as sankhani mzere wa Word wa docx. Chitaninso chimodzimodzi pa Spreadsheet kuti zizisungidwa ngati xlsx, mtundu wa Excel. Chachiwiri, dinani View, User Interface, musankhe Tabbed. Mabatani adzaikidwa m'magulu ofanana ndi mmene Microsoft yakhala ikuchitira kuyambira Office 2007, ndipo tsiku limene mudzakhale pa Word simudzasochera kwambiri.

Chofooka cha LibreOffice n'chodziwika: chikalata chimene chinali masamba awiri kwa inu chimafika kwa mnzanu chili masamba atatu, dzina la wolemba litagwera patsamba lakelake. Zoyambitsa zilipo ziwiri, ndipo chimodzi si vuto la pulogalamu. Choyamba ndi mtundu wa zilembo. Writer imayamba ndi Liberation Serif, imene kompyuta ya mnzanuyo mwina ilibe. Word yatsopano imayamba ndi Aptos, imene inu mwina mulibe. Pulogalamu ikasowa mtundu wa zilembo imaikapo wina, ndipo zilembo zikasiyana kukula pang'ono pokha mizere yonse imasuntha. Mankhwala ake ndi kusankha Arial kapena Times New Roman musanalembe liwu loyamba.

Chachiwiri ndi chizolowezi cha wophunzira. Ambiri amakankha mawu ndi Enter kakhumi kuti afike patsamba lotsatira, amaika mutu pakati podina spacebar kambirimbiri, amafola manambala ndi maso. Chikalata choterocho chimapasuka paliponse, ngakhale kuchoka pa Word kupita pa Word ina. Tsamba latsopano limayambidwa ndi Ctrl+Enter, ndipo zimenezi zimagwira pa mapulogalamu atatu onse. Mutu umaikidwa pakati ndi batani la Center, ndipo umapatsidwa sitayilo ya Heading 1 kapena Heading 2 m'malo mongoukulitsa ndi kuudetsa. Mukatero pulogalamu imatha kukukonzerani yokha mndandanda wa zamkatimu. Kuti muone zimene mwabisa m'chikalata chanu, dinani Ctrl+Shift+8 pa Word kapena Ctrl+F10 pa Writer. Spacebar iliyonse idzaoneka ngati kadontho, Enter iliyonse ngati kachizindikiro, ndipo manyazi adzakugwirani pang'ono.

Zimenezi zikakonzedwa, zotsala ndi zolakwa zenizeni za LibreOffice: timabokosi ta mawu toyandama, zithunzi zozunguliridwa ndi mawu, ndi mamakiro a Excel ovuta, zomwe sizimasamuka bwino nthawi zonse. Impress ndiye yofooka kuposa zonse ikalandira fayilo ya PowerPoint yodzaza ndi zoyendayenda. Chikalata chimene wolandira sakufunika kuchisintha, monga CV, chitumizeni ngati PDF kudzera pa File, Export as PDF, nkhani ya kusuntha ithere pomwepo.

Google Docs ndi yosavuta kuposa onse, ndipo pogwira ntchito anthu angapo pa chikalata chimodzi palibe woiposa. Imasunga yokha, ndipo Version history imakubwezerani zimene munafufuta dzulo. Koma ngati mphunzitsi wa munthu woyamba kumene, ndimaikayikira, chifukwa imabisa chinthu chofunika kwambiri: fayilo imakhala kuti? Munthu angathe chaka akulemba pa Docs osadziwa kupanga foda, osadziwa kusiyana kwa Save ndi Save As, osadziwa kuti docx, xlsx ndi pdf kumapeto kwa dzina zikutanthauza chiyani. Mukamupatsa fulashi kuti akopere chikalata, amangoyang'ana. Kugwira ntchito popanda intaneti n'kotheka, koma muyenera kuyatsiratu Offline mu Settings za Drive, pa Chrome kapena Edge, intaneti ikadalipo. Ikatha musanayatse, mwachedwa. Ndipo malo aulere a 15 GB ndi ogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos. Zithunzi za m'foni zikawadzaza, simungayambe chikalata chatsopano, ndipo maimelo amasiya kulowa.

Kupatula atatuwa palinso WPS Office, ya kampani ya Kingsoft, imene imafanana kwambiri ndi Microsoft pa maonekedwe, koma yaulereyo imabwera ndi malonda ndipo zina za PDF zimafuna kulipira.

Pa za manambala, atatuwa amagwirizana kuposa mmene anthu amaganizira. Fomula imayamba ndi chizindikiro cha =, ndipo =SUM(B2:B31) imaphatikiza chimodzimodzi pa Excel, Calc ndi Sheets. Zopunthwitsa nazonso n'zofanana. Mukakokera fomula pansi, mayina a mabokosi amasuntha nayo; bokosi limene liyenera kukhala pomwepo, monga la peresenti ya msonkho, lilembedwe ndi chizindikiro cha dola, $E$1. Mukaona ####, palibe chawonongeka, danga langochepa, likulitseni. Nambala ya foni yoyamba ndi 0 imataya ziro wake chifukwa pulogalamu imaiona ngati nambala yowerengera. Sinthani dangalo likhale Text musanalembe, kapena yambani ndi kachizindikiro ka apostrophe. Pa nambala imodzi yaitali, Excel imasunga manambala 15 oyambirira okha molondola, otsatirawo imawasandutsa ziro, choncho nambala yaitali ya akaunti nayonso ilembedwe ngati Text. Masiku ndiwo amasokoneza mwakachetechete: 03/04 ingawerengedwe ngati 3 Epulo kapena 4 Marichi malinga ndi dera limene kompyuta inaikidwira. Yesani polemba 25/12 muone ngati yaizindikira kuti ndi tsiku.

Kusiyana kumayamba pa mafomula atsopano. XLOOKUP, fomula yofufuzira chinthu m'ndandanda, ilipo pa Excel 2021, 2024 ndi Microsoft 365, ilipo pa Sheets, ndipo Calc inailandira pa mtundu wa 24.8, koma pa Excel 2016 ndi 2019 mulibe. Chifukwa chake yambani ndi VLOOKUP, fomula yakale ya ntchito yomweyo, imene ili paliponse, ndipo musaiwale kuika 0 kumapeto kwake, apo ayi ingakupatseni yankho lolakwika popanda kukuchenjezani. Kalata imodzi yopita kwa anthu ambiri, aliyense dzina lake, imakonzedwa pa Mailings mu Word ndi pa Tools, Mail Merge Wizard mu Writer. Docs imafuna zowonjezera.

Ndiye muyambire pati? Ngati mwangoyamba kumene ndipo palibe ofesi imene ikukukakamizani, ikani LibreOffice. Milungu yoyamba muithere pa mafoda, mayina a mafayilo, masitayilo ndi mafomula, zomwe mudzapita nazo kulikonse. Kamodzi pa mlungu tsegulani chikalata chomwecho pa Word yaulere ya pa intaneti, muone chimene chasuntha ndipo mufufuze chifukwa chake. Google Docs idikire mpaka mutakhala ndi anzanu olemba nawo limodzi. Microsoft Office yolipira ndi ya amene akukonzekera mayeso ake, amene kuntchito amalandira mafayilo a Excel okhala ndi mamakiro, kapena amene amatumizirana zikalata zovuta ndi anthu a Word tsiku ndi tsiku. Ngati muli m'gulu limeneli ndipo mukufuna kuyesa kaye mwezi waulere uja, tsiku lomwe mwalembetsa lowani mu akaunti yanu ya Microsoft, pitani pa zolembetsa zanu, muzimitse recurring billing. Office idzagwirabe ntchito mpaka mweziwo utatha, koma khadi lanu silidzadulidwa.